Chenjezo Analimva, Koma Akanathawira Kuti?

Usiku wa Lachisanu pa 24 Marichi 2023, cha m'ma 8 koloko, kamvuluvulu woopsa wa mtundu umene amautcha tornado analowa m'tauni yaing'ono ya Rolling Fork, m'chigawo cha Mississippi ku America. Mphepo yake inkathamanga makilomita oposa 300 pa ola. Anakhala pansi kwa nthawi yoposa ola lathunthu, akusesa mtunda wa makilomita pafupifupi 95 kudutsa m'dera la minda ya thonje, chimanga ndi soya, mpaka kukafika ku Silver City n'kupitirira. Anthu 17 anafa pa mzere umenewu wokha. Thanki yaikulu ya madzi ya tauniyo inagwa. Chigalimoto chonyamula katundu chinanyamulidwa n'kukaponyedwa pa nyumba ina, ndipo mwamuna ndi mkazi wake amene anali m'katimo anafera pomwepo. Meya wa tauniyo pa nthawiyo, a Eldridge Walker, ntchito yawo ina inali yokonza maliro. Sabata imeneyo anakonza mitembo ya anthu amene ankapatsana nawo moni tsiku ndi tsiku.

Ambiri a ife kuno nkhaniyi inatidutsa, ndipo m'pomveka. Panali pasanathe masabata awiri chichitikireni ngozi ya namondwe Freddy, ndipo tinali tikufukulabe abale athu m'matope ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi ku Mulanje. Maliro a eni simungawalire anu ali pakhomo. Komabe nkhani ya Rolling Fork ili ndi funso limene sitiyenera kulilambalala. Dziko la America ndilo lili ndi akamvuluvulu ambiri otere kuposa dziko lina lililonse, pafupifupi 1,200 pa chaka. Ndilonso lili ndi akatswiri, makina ndi chuma chothana nawo kuposa wina aliyense. Nanga bwanji mphepo ikadutsa, mitembo yochuluka imatoledwa kumidzi, m'mbali mwa minda, m'nyumba za anthu osauka? Kodi mphepo ili ndi maso?

Tiyambe ndi zimene zinayenda bwino, chifukwa zilipo. Akatswiri a zanyengo sanagone. Masiku angapo m'mbuyo anali ataona kale kuti mpweya wotentha ndi wachinyezi wochokera ku nyanja ya Gulf of Mexico ukumana ndi mpweya wozizira, pamene mphepo ya m'mwamba ikuomba mosiyana ndi ya pansi, ndipo anadziwa kuti zimenezi zikachitika mitambo ya mvula imayamba kuzungulira. Tsikulo ananena kuti derali lili pangozi. Kamvuluvulu atatsika, ofesi ya zanyengo ya ku Jackson inatulutsa chenjezo lapamwamba kwambiri limene imatulutsa pokhapokha miyoyo yambiri ikakhala pachiswe. Mafoni analira. Ma TV anaimitsa mapologalamu. Palibe anganene kuti sayansi inalephera.

Koma chenjezo la kamvuluvulu wotere silili ngati la namondwe, amene amaoneka akadali panyanja kutatsala masiku. Kawirikawiri munthu amakhala ndi mphindi 10 kapena 15 basi. Tsono tadziikani m'malo mwa mayi amene ali m'nyumba ndi ana atatu ndi agogo osayenda, kunja kuli mdima ndi chimvula, galimoto apita nayo bambo ku ntchito ya usiku. Foni yalira kuti abisale m'nyumba yolimba msanga. Nyumba yolimbayo ili kuti? Malangizo amati munthu atsikire m'chipinda cha pansi pa nthaka, koma ku chigwa cha Mississippi madzi ali pafupi kwambiri pansi, ndipo nyumba zokhala ndi zipinda zotere n'zosowa. Amatinso wokhala m'nyumba yosalimba atulukemo apite kwina. Kwina kuti, pamene anansi onse ali m'nyumba zofanana ndi yake, ndipo sitolo kapena tchalitchi cha njerwa chili pa mtunda wa makilomita angapo, chokhoma?

Pa malo ena odyera a ku Rolling Fork otchedwa Chuck's Dairy Bar, anthu amene anali m'katimo anathamangira m'chipinda chozizira chosungiramo zakudya n'kudzitsekera. Atatuluka anapeza nyumba yonse yapita, koma iwo ali moyo. Nkhaniyi inafalitsidwa kwambiri ngati chozizwitsa, ndipo tikuthokoza Mulungu nawo limodzi. Koma tiyeni tiiyang'ane bwino. Chinapulumutsa anthu amenewa ndi kabokosi kolimba, kokwana anthu ochepa, kamene kanali pafupi nawo pa mphindi yoyenera. Ngati furiji ya pa malo odyera inatha kupulumutsa miyoyo, n'chifukwa chiyani panalibe chipinda cholimba chomangidwira dala ntchito imeneyi pakati pa nyumba zimene zinali kuseri kwake, kumene anthu anafa?

Nyumba zimenezi ndizo phata la nkhani yonse. Kumidzi ya kummwera kwa America, mabanja ambiri osauka amakhala m'nyumba zopangidwa kufakitale, zooneka ngati makalavani aatali, zimene amazikoka ndi galimoto n'kukazikhazika pa mabuloko. N'zotsika mtengo, ndipo kwa munthu wogwira ntchito m'munda wa eni, m'madamu a nsomba kapena m'fakitale yophera nkhuku, ndiyo njira yokhayo yokhalira ndi pogona pakepake. Vuto n'lakuti nyumba yotere ikapanda kumangiriridwa bwino pansi, mphepo imalowa kunsi kwake n'kuinyamula yonse ndi anthu omwe. Pa nyumba 100 zilizonse za ku America, zamtunduwu n'zisanu ndi imodzi chabe kapena kucheperapo. Koma pa anthu amene kamvuluvulu amawaphera kunyumba, oposa theka amafera m'nyumba zimenezi. Chiwerengero chimenechi chikudziwika kwa zaka zambiri. Si chinsinsi kwa aphungu kapena kwa makampani ogulitsa nyumbazi.

Zinaonekeratu pa 3 Marichi 2019 ku Beauregard, mudzi wa m'dera la Lee ku Alabama, masiku omwewo amene mvula yotsogolera namondwe Idai inkasefukiza mitsinje kuno kwathu. Kunali masana, Lamulungu, ndipo chenjezo linaperekedwa. Anthu 23 anafa, mwa iwo ana anayi, ndipo 19 mwa anthuwa anali m'nyumba za makalavani zija. Mabanja ena anaika abale angapo nthawi imodzi, chifukwa kumudzi anthu amamanga moyandikana pa malo a makolo awo monga timachitira kuno, ndipo mphepo ikalunjika pa malo amenewo imatenga mbumba yonse. Amene anadzipereka kulipira maliro onse anali a fuko la Poarch Creek, eni nthaka akale a ku Alabama. Tikuwayamikira. Koma kodi n'zoona kuti dziko limapeza msanga ndalama za mabokosi kusiyana ndi za zingwe zachitsulo zomangirira nyumba pansi? Ndani amayendera nyumba yoti yakhala pa mabuloko zaka 30, kukaona ngati zomangirazo sizinadyedwe ndi dzimbiri? Malamulo a kamangidwe ka nyumbazi anakhwimitsidwa mu 1976 ndi mu 1994, inde. Nanga zakale zija, zimene zimagulitsidwa kuchoka kwa wosauka kupita kwa wosaukitsitsa, zimatsatira lamulo liti?

Pali chinthu chinanso. Anthu ambiri akamva za tornado amaganiza za zidikha za Kansas ndi Oklahoma, kumene kamvuluvulu amaoneka ali kutali, masana, pa malo opanda mitengo. Koma imfa zambiri zimachitika chakummwera cha kummawa, ku Mississippi, Alabama, Arkansas ndi Tennessee. Kumeneko akamvuluvulu amabwera ngakhale m'nyengo yozizira pamene dzuwa limalowa msanga, amathamanga kwambiri, amabisala m'chimvula, ndipo ambiri amafika usiku. Kafukufuku wa a Walker Ashley a ku Northern Illinois University anasonyeza mu 2008 kuti kamvuluvulu wa usiku amapha kawirikawiri kuposa wa masana, mwina kowirikiza kawiri ndi theka. Masaireni ochenjeza anapangidwira anthu amene ali panja, osati ogona m'nyumba yotseka mazenera mvula ikugunda padenga, ndipo kumidzi masaireniwo amakhala motalikirana. Makina a radar nawonso ali ndi malire. Kuwala kwawo kumakwera m'mwamba kukamatalikira, chifukwa dziko n'lozungulira, choncho mudzi umene uli kutali ndi makinawo saona bwino zimene zikuchitika pafupi ndi nthaka yake. Makinawo anaikidwa ambiri kufupi ndi mizinda ndi mabwalo a ndege. Kodi mlimi anasankha yekha kukhala kunja kwa maso a makinawa, kapena kulima kumafuna kuti akhale kumene kuli munda?

Ndiye pali mtunda wopita kuchipatala. Chipatala chokhacho cha dera la Sharkey, mmene muli tauniyi, chinali ku Rolling Fork komweko, ndipo nachonso chinaonongeka usiku womwewo. Misewu inatsekeka ndi mitengo ndi mawaya a magetsi. Ena mwa oyamba kufika anali anthu aja amene amathamangitsa akamvuluvulu kuti awajambule ndi kuwayeza, ndipo ena mwa iwo anasiya makamera n'kunyamula ovulala m'magalimoto awo kupita nawo ku zipatala za m'matauni ena. Munthu amene wabayidwa ndi thabwa kapena wathyoka msana amafa kapena kupulumuka malinga ndi nthawi imene yadutsa asanafike kwa dokotala. Zipatala za kumidzi ku America zakhala zikutsekedwa chimodzichimodzi chifukwa sizipanga phindu, ndipo Mississippi ili m'gulu la zigawo zimene zinakana kukulitsa thandizo la boma la zachipatala lotchedwa Medicaid kuti lifikire osauka ambiri. Munthu akamwalira pa msewu wopita ku Vicksburg kapena ku Jackson, m'kaundula amalemba kuti waphedwa ndi mphepo. Kodi ndi mphepo yokha?

Apa tikufuna tiime pang'ono, chifukwa pali nkhani imene imaoneka ngati ya akatswiri okha koma ikuonetsa bwino malo a mlimi m'maganizo a dziko. Mphamvu ya kamvuluvulu saiyeza ndi mphepo yeniyeniyo. Amaiyeza ndi zimene waononga. Muyeso umenewu anauyambitsa a Ted Fujita mu 1971, ndipo unakonzedwanso mu 2007 n'kukhala wa EF0 mpaka EF5. Akatswiri amapita pa malo a ngozi, n'kuyang'ana nyumba, masukulu, masitolo, mitengo ndi mapolo, kenako n'kunena kuti kuti chinthu chakuti chigwe motere, mphepo iyenera kuti inali yamphamvu chonchi. Nanga kamvuluvulu akadutsa m'minda mokhamokha? Pa 31 Meyi 2013, kufupi ndi El Reno ku Oklahoma, kunadutsa kamvuluvulu wotambalala makilomita oposa 4, wamkulu kuposa wina aliyense amene anayezedwapo. Makina oyenda nawo pa galimoto anapeza mphepo yothamanga makilomita oposa 450 pa ola. Anapha anthu asanu ndi atatu, kuphatikizapo katswiri wodziwika, a Tim Samaras. Koma m'mabuku analembedwa kuti EF3, chifukwa mbali yaikulu ya ulendo wake inali m'minda, mmene munalibe nyumba zolimba zoti zichitire umboni.

Sitikudzudzula akatswiriwo, amagwira ntchito ndi umboni umene ulipo, ndipo iwo omwe akhala akunena za kupelewera kwa muyesowu. Chimene tikufunsa n'chakuti, kaganizidwe kameneka kamathera pa muyeso wa mphepo pokha? Makamera a atolankhani amapita kumene kwagwa nyumba zambiri pamalo amodzi. Kuti boma lalikulu livomereze kuti dera lagweredwa ngozi yofunika thandizo lake, limayang'ana kuchuluka kwa ndalama za zimene zaonongeka. Nyumba 40 za makalavani mtengo wake sungafike pa wa msewu umodzi wa anthu olemera mumzinda. Ndiye kuti umphawi umene unachititsa kuti nyumbayo igwe ndi womwewonso umene umachepetsa mtengo wa kugwa kwake. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro siikata.

Kusawerengedwa kumeneku kuli ndi mbiri yake ku Mississippi komweko. Pa 7 Meyi 1840 kamvuluvulu anakantha Natchez, m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, ndipo mabuku amati anafa anthu 317. Olemba mbiri amakhulupirira kuti chiwerengerochi n'chochepa, chifukwa akapolo amene ankalima thonje m'minda ya m'mphepete mwa mtsinjewo nthawi imeneyo sankawerengedwa pamodzi ndi anthu ena. Anthu ambiri a ku Rolling Fork lero ndi akuda, zidzukulu za olima thonje a m'chigwa chomwecho, ndipo m'dera la Sharkey pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse ndi wosauka malinga ndi muyeso wa boma. Lero mitembo yawo imawerengedwa, maina awo amatchulidwa, ndipo pulezidenti wa nthawiyo, Joe Biden, anakawapepesa pa 31 Marichi 2023. Kumeneko n'kupita patsogolo. Koma kodi munthu ayambe kuwerengedwa atafa?

Tsopano tilowe m'munda mwenimwenimo, chifukwa chionongeko cha kumeneko sichioneka pa chithunzi chojambulidwa m'ndege. Kamvuluvulu akaphwanya tauni, zidutswa zake zimakagwera m'minda: malata opindika, misomali, magalasi, mawaya, matabwa, thonje lofundira la m'makoma, zonse zomwazika pa maekala mazanamazana. Ku chigwa cha Mississippi mwezi wa Marichi ndi nthawi yobzala chimanga. Mlimi sangalowetse thirakitala m'munda wodzaza zitsulo. Matayala aphulika, makina obzalira athyoka, ndipo chitsulo chotsalira chidzakodwa m'makina okololera miyezi isanu kutsogolo. Palibe njira yachidule. Anthu amandandalika pamzere, aliyense ndi ndowa m'manja, n'kuyenda munda wonse akutola chimodzichimodzi, nyengo yobzala ikudutsa. Mipanda ikagwa ng'ombe zimabalalika. Zina zimapezeka zathyoka miyendo ndipo mwini wake amayenera kuzipha yekha. Zina zimaoneka zabwinobwino, koma pakapita masabata zimayamba kuwonda chifukwa zinameza msomali kapena kawaya pamodzi ndi msipu. Nkhokwe zachitsulo zimaphwanyika, mapaipi aatali othirira mbewu amapindika, makola a nkhuku zikwizikwi amagwa pa nkhuku zomwe.

Pa 10 Disembala 2021, kamvuluvulu amene anayenda mtunda wa makilomita oposa 260 kumadzulo kwa Kentucky n'kupha anthu 57 anagwetsa nkhokwe zazikulu za mbewu ku Mayfield, anaononga malo oswetsera anapiye amene alimi ambiri a nkhuku ankadalira, ndipo anafafaniza malo ofufuzira za ulimi a University of Kentucky ku Princeton. Dziko linakumbukira kwambiri fakitale ya makandulo imene inagwera antchito a usiku, ndipo n'koyenera kutero. Koma ndani anawerengera mlimi amene khola lake linatsala chiimire koma alibe kotenga anapiye? Ndani anawerengera waganyu amene sanataye nyumba, koma bwana wake wamuuza kuti chaka chino ntchito kulibe? Mwini munda wamkulu ali ndi inshuwalansi ya mbewu, ya makina ndi ya nyumba. Womugwirira ntchito ali ndi chiyani?

Thandizo likabwera limafunsa mapepala. Mabanja ambiri a anthu akuda kummwera kwa America amakhala pa malo osiyiridwa ndi makolo popanda chikalata cha umwini cholembedwa m'dzina la munthu mmodzi. Malowo ndi a banja lonse, ndipo aliyense m'mudzimo amadziwa zimenezo. Kwa zaka zambiri bungwe la boma loona za ngozi, FEMA, linkakana kuthandiza anthu otere kumanganso nyumba chifukwa analibe umboni woti nyumbayo ndi yawo. Linasintha lamuloli mu Seputembala 2021, atolankhani ataulula kukula kwa vutoli. Tikuyamikira kusinthako, koma tikufunsabe kuti mabanja amene anakanidwa zaka zonsezo anapita kuti. Wochita lendi naye, nyumba ikagwa, mwini wake akasankha kusamanganso, amangolongedza zotsala n'kunyamuka.

Umu ndi mmene matauni a alimi amafera kachiwiri. Greensburg, ku Kansas, inakanthidwa pa 4 Meyi 2007 ndi kamvuluvulu woyamba kulembedwa kuti EF5. Pafupifupi nyumba zonse, 95 pa 100 zilizonse, zinaonongeka. Tauniyo inamangidwanso mwamakono ndipo inatchuka padziko lonse chifukwa cha magetsi ake a mphepo. Koma pa kalembera wa 2000 inali ndi anthu oposa 1,500, ndipo pa kalembera wa 2010 anali osakwana 800. Rolling Fork inali ndi anthu osakwana 2,000 mphepo isanafike, ndipo chiwerengerocho chinali chikutsika kale. Banja lililonse lochoka limachoka ndi ana a sukulu, ogula m'sitolo, opereka msonkho ndi oimba kwaya. Kodi kumanganso tauni n'kumanga makoma, kapena n'kubweza anthu ake?

Wina anganene kuti mphepo ya makilomita 300 pa ola palibe angaigonjetse, n'chifuniro cha Mulungu. Ife sitikuvomera kuti nkhani ithere pamenepo. Akamvuluvulu ambiri safika pa mphamvu yotero, ndipo anthu a m'makalavani amafa ngakhale ndi mphepo imene nyumba yomangidwa bwino ikanangotaya malata ochepa. Komanso umboni woti imfa zimachepetseka ulipo. Pa 18 Marichi 1925 kamvuluvulu mmodzi anapha anthu 695 ku Missouri, Illinois ndi Indiana, m'midzi ya alimi ndi ya okumba malasha, nthawi imene kunalibe chenjezo lililonse. Lero chiwerengero chotere sichimvekanso ku America, ngakhale anthu achuluka. Ku Alabama, ana asanu ndi atatu atafera pa sukulu ya sekondale ya Enterprise pa 1 Marichi 2007, chigawocho chinakhazikitsa lamulo loti sukulu ya boma yomangidwa kumene izikhala ndi malo olimba obisalamo. Anthu pafupifupi 250 atafa m'chigawochi pa 27 Epulo 2011, midzi yambiri inamanga zipinda zolimba za anthu onse. Njira ikudziwika, mtengo wake ukudziwika. Chimene chimavuta n'chakuti ndalama zotere nthawi zambiri zimafuna kuti dera lilembe pempho lalitali ndiponso lisonkhe gawo lake, ndipo dera losaukitsitsa ndilo lilibe wolemba pempholo ngakhale gawo losonkhalo. Nanga thandizo lopangidwa motere likupita kwa yani?

Tisaganize kuti izi n'za ku America kokha. Kamvuluvulu amene anapha anthu ochuluka kuposa wina aliyense m'mbiri anachitika ku Bangladesh pa 26 Epulo 1989, m'midzi ya alimi ya Daulatpur ndi Saturia, ndipo anafa anthu pafupifupi 1,300. Kumeneko malata ouluka ndiwo amavulaza ndi kupha anthu ambiri. Kufupi ndi kwathu, ku South Africa, kamvuluvulu anapha anthu oposa 20 ku Mount Ayliff mu Januwale 1999, ndipo wina anagwetsa nyumba zambirimbiri ku Tongaat, kufupi ndi Durban, mu Juni 2024, m'chigawo chimene abale athu ambiri amakagwirako ntchito ndipo ambiri amagona m'tinyumba ta malata. Mayiko ndi osiyana, koma ofa ndi amodzimodzi.

Kuno ku Malawi mphepo yathu si yofanana ndi ya ku Mississippi, ndipo sitikufuna kuopseza anthu ndi zimene sizili pakhomo pawo. Koma ndani mwa ife sadziwa zimene zimachitika mvula yoyamba ikamagwa? Chaka ndi chaka nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, imalengeza za nyumba, masukulu ndi matchalitchi amene asasuka madenga, za makoma a zidina amene agwera ana ali m'tulo, za chimanga chimene chagona pansi chisanamasule. Denga lambiri la kumudzi limagwiridwa ndi misomali yochepa, njerwa ndi miyala yosanjikidwa pamwamba pa malata. Mphepo ikalowa pa khonde, denga lonse limanyamuka, miyala ija n'kugwera m'kati. Mawa lake kumabwera thumba la ufa, nyemba, ndowa ndi pepala la pulasitiki. Banja limakhomanso malata omwewo, m'njira yomweyo, kudikira chaka chamawa.

Pa Freddy, nthambi ya zanyengo inachenjeza kutatsala masiku. Mawailesi analengeza, mauthenga anafika pa mafoni. Komabe tinataya anthu oposa 1,000 tikaphatikiza amene sanapezeke mpaka lero. Funso la mayi wa ku Rolling Fork ndi lomwenso anali nalo mayi wa m'munsi mwa phiri la Soche: mwandiuza kuti ndichoke, ndipite kuti, ndipo katundu wanga, mbuzi zanga ndi ufa wanga ndisiyire yani? Sukulu zimene timathawirako ngozi ikagwa, kodi zinamangidwa kuti zipirire mphepo, kapena ndizo zimayamba kusasuka? Boma lili ndi malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Ndi amisiri angati a kumudzi amene anawaonapo m'chilankhulo chawo? Tinakhazikitsa lamulo latsopano loona za ngozi mu 2023. Kodi ndalama zake zikufika kwa makomiti a m'midzi ngozi isanagwe, kapena zimadikira kuti kugwe maliro? Aphungu akamagawa ndalama za chitukuko cha m'madera awo, ndi angati amafunsa mmisiri kuti denga la bulokoyi walimangirira ku khoma ndi chiyani?

Zofunikazo si zodula kuposa mphamvu zathu. Waya kapena kachitsulo komangirira mitengo ya denga ku khoma mtengo wake sufika pa wa malata awiri. Mzere wa mitengo kumbali yochokera mphepo umafuna mbande ndi chisamaliro. Chipinda chimodzi cholimbadi pa sukulu iliyonse yomangidwa kumene, chodziwika kwa mudzi wonse, chokhala ndi munthu wosunga kiyi amene amagona pafupi, chingalowe m'ndondomeko ya zomangamanga popanda kudikira wopereka thandizo wakunja. Alangizi a zaulimi amene amafika kale kwa mlimi angathe kulembanso za mbewu ndi ziweto zimene mphepo yaononga, kuti chionongeko cha m'munda chizioneka m'malipoti pamodzi ndi cha nyumba.

Tikupempha Nyumba ya Malamulo, makhonsolo, mafumu ndi mipingo imene ili ndi masukulu: mvula isanayambe chaka chino, mudzi uliwonse udziwe nyumba imene anthu ake adzathawireko chenjezo likadzamveka, ndipo wina akwere padenga la nyumbayo akaone ngati lamangiriridwa. Inu owerenga, mukapita ku msonkhano wa makolo pa sukulu ya ana anu kapena ku msonkhano wa chitukuko kwa amfumu, dzutsani dzanja mufunse funso limeneli, ndipo musakhale pansi mpaka atakuyankhani.